Kroniko ya a Daka ndi Belu la pa Wilibala

Ku Luangwa, komboni ya ku Kitwe, anthu amachenjezana kuti ngati uli pa changu usawafunse njira a Masauso Daka. Njirayo amaidziwa bwino, ndipo sangakusocheretse. Vuto n'lakuti asanakuuze kuti ukhotere kumanja, ayamba akufotokozera mwini wake wa nyumba ya pakonapo, mkazi wake woyamba, ndiponso galu amene anali naye kale uja ankaopa nkhuku. Ukamadzachoka pamenepo umakhala utaseka mokwanira, koma minibasi yako itapita.

Bambo ameneyu anabadwira ku Wusakile, m'nyumba za mgodi. Atate ake anachoka ku Katete ali mnyamata kudzafuna ntchito ya mkuwa, ndipo sanabwererenso. M'nyumba mwawo munkamveka Chinyanja, koma ukangotuluka pakhomo chinali Chibemba, moti a Daka anakula akutha kukangana m'zilankhulo ziwiri popanda kupumira. Atakula analowa mgodi womwewo, n'kumayendetsa kasitima konyamula miyala pansi pa nthaka. Anzawo a nthawi imeneyo amati munthu ankatha kudziwa kuti kasitima kayandikira pomva mawu a woyendetsa, mawilo asanamveke. Anakwatira Mayi Rosemary, a kwawo komweko kum'mawa, n'kusamukira ku Luangwa. Migodi itagulitsidwa, ntchito inawathera limodzi ndi anzawo ambiri, ndipo anapeza kamalo mumsika wa Chisokone n'kuyamba kugulitsa nsapato za salaula, zija zovalidwapo kale zochokera kunja. Malondawo anawayanja, chifukwa nsapato iliyonse ankaipatsa mbiri yake. Ina ankati inavalidwa ndi dokotala wa ku Ulaya amene sankayenda pansi, n'chifukwa chake chidendene chinali chatsopano. Ogula ankadziwa kuti akunamizidwa, koma ankagulabe.

M'chaka cha 2023 parishi yawo inkakwanitsa zaka makumi asanu. Lamulungu lina Misa itatha, khonsolo ya parishi inakhala pansi kukonzekera chikondwererocho. Wansembe wawo, Bambo Terence, anali wachinyamata wolankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chibemba, ndipo ananena kuti pakufunika munthu woti alembe chronicle ya parishi kuti idzawerengedwe pa tsikulo. Mawuwo anadutsa m'makutu mwa anthu ambiri osaima, koma palibe amene anafuna kuoneka wosadziwa. Pamenepo a Amos Sakala, mnzawo wa a Daka amene amasewera naye nsolo pansi pa mtengo wa mango, anaimirira n'kunena kuti ngati ntchitoyo ndi ya nkhani zakale, palibe wina woposa a Daka. Ananena izi mofuna kumugwetsera mnzawo m'dzenje, koma khonsolo yonse inawomba m'manja. A Daka anaimirira, nawerama pang'ono, n'kuvomera ntchito imene sankaidziwa. Pofika pachipata cha tchalitchi mawu aja anali atasanduka kale kroniko pakamwa pawo.

Atafika kunyumba anapeza Mayi Rosemary akuyanula zovala. Anawauza mwachidule, zomwe sizinkachitika kawirikawiri:

"Amake Lulu, lero andipatsa kroniko."

Mayiwo anaima ndi shati m'manja. Iwo mawu ofanana ndi amenewo anawamvapo kukiliniki, tsiku limene namwino anawauza kuti bipi yawo ndi kroniki, kutanthauza matenda osatherapo, ongokhala nawo mpaka kalekale. Anafunsa chapansipansi kuti wawauza ndani. A Daka anayankha kuti ndi Bambo Terence, pamaso pa khonsolo yonse, ndipo anthu awomba m'manja. Atatero anasintha nsapato n'kupita ku nsolo.

Chinawapweteka kwambiri Mayi Rosemary si matendawo ayi, koma kuwomba m'manjako. Anakhala pampando n'kumawerenga m'mutu mwawo anthu a m'khonsolo, amene ena mwa iwo anawaphikirapo pamaliro ndi paukwati. Kenaka anaimbira foni Lulu, mwana wawo amene amagwira ntchito mu ofesi ku Ndola ndipo amakhala ku Pamodzi, n'kumuuza kuti atate ake awapeza ndi kroniki. Madzulo amenewo ndiwo zinabwera zopanda mchere, tiyi anabwera wopanda shuga, ndipo a Daka atafuna kunyamula ndowa ya madzi analandidwa. Anadabwa ndithu, koma poti ankapatsidwanso ulemu umene anali asanauone chikwatirire, anaganiza kuti ndi mmene amasamalidwira munthu wa udindo.

M'mawa mwake Lulu anatulukira ndi thumba la malalanje, atapempha tchuthi kuntchito, maso ali ofiira. Anapeza wodwala uja akupukuta nsapato za malonda uku akuimba. Atafunsa mafunso awiri atatu, Lulu anakhala pansi pakhonde n'kuseka mpaka malalanje anagubuduka. Atapezanso mpweya anawafotokozera makolo ake kuti mawuwo ndi awiri osiyana, ngakhale kuti ndi pachibale, pakuti onse anachokera ku liwu limodzi lakale lotanthauza nthawi. Kroniki ndi matenda okhalitsa nthawi yaitali. Chronicle ndi zolemba za zinthu zimene zinachitika, zondandalikidwa motsata nthawi yake, choyamba poyamba, chotsatira pambuyo pake. Anati Azungu amagwiritsa ntchito liwu lomwelo ponena za kulemba kwakeko, ndipo nyuzipepala zina zimalitenga kukhala dzina lawo. Anawakumbutsanso kuti ngakhale m'Baibulo muli mabuku awiri a dzina limeneli, aja m'Chinyanja timati Mbiri, pamene a Chibemba amati Imilandu.

Mayi Rosemary, amene manyazi anali atayamba kuwasandukira mkwiyo, anati a Chibembawo ndiwo anaona patali, chifukwa chinthu chimenechi chibweretsa milandu pakhomo. A Daka sanawamve. Iwo anali atakondwa kale kuti ntchito yawo ili m'Baibulo. Koma Lulu anawadula chimwemwecho.

"Atate, kroniko silola mchere. Mumalemba chaka, n'kulemba chimene chinachitika, basi. Zoti munthu anali ndi galu wotani, sizilowamo."

A Daka anati zimenezo n'zosavuta. Anapempha kuti mchere ubwerere kaye m'ndiwo.

Zinali zovuta. Sabata yoyamba analemba masamba asanu n'kupita nawo kwa Belinda, mlembi wa mu ofesi ya parishi, amene anapatsidwa ntchito yotayipa zonse pakompyuta. Belinda anali mtsikana waulemu, wolankhula motsitsa, koma anali ndi bolopeni yofiira. Tsamba loyamba linayamba bwino ndi 1973, chaka chimene Akhristu oyamba ankapempherera pansi pa mtengo. Pofika pakati pa tsambalo nkhani inali italumphira kwa sisitere wina amene ankayendetsa njinga yamoto, ndipo tsamba lachitatu lonse linali la ng'ona ya mumtsinje wa Kafue imene akuti inkatuluka m'madzi ikamva kwaya. Belinda anawerenga zonse, anaseka pamene panali poseketsa, kenaka anadula. Pa masamba asanu panatsala mizere inayi. A Daka anaiyang'ana mizereyo ngati munthu amene wapita ndi mbuzi kwa opha nyama n'kubwezeredwa chingwe. Anayesa kuchonderera ng'ona ija, ponena kuti anthu amaikonda. Belinda anawafunsa chaka chimene inatuluka komanso amene anaiona. A Daka anavomera kuti amene anaiona anamwalira, ndipo ngakhale ali moyo sankakhulupirika kwenikweni.

Kuyambira pamenepo anasintha kachitidwe. Akaweruka kumsika ankayenda m'makomo mwa Akhristu akale kufunsa zimene akukumbukira. Apa ndi pamene anaphunzira chinthu chimene chinawavuta kuposa zonse pa moyo wawo, kukhala chete wina akulankhula. Mayi Rosemary amati masabata amenewo amuna awo ankabwera kunyumba atatupa ndi mawu osalankhulidwa, ndipo onsewo ankakhuthulidwira iwo. Komabe ntchito inkayenda. Chaka chimene anaumba njerwa chinapezeka, chaka chimene mphepo inasasula denga chinapezeka, ndiponso chaka chimene kwaya inagwirizana zoimba nyimbo za Chibemba ndi za Chinyanja mosinthana.

Milandu ija inafika ndi nkhani ya belu. Tchalitchi chisanagule belu lenileni, chinkaitana anthu ndi chitsulo cha wilo la galimoto yaikulu ya kumgodi, chopachikidwa pamtengo, chomwe ankachimenya ndi nyundo. Chitsulocho chilipo mpaka lero kuseri kwa ofesi, ndipo anthu amachilemekeza. A Amos Sakala anauza mnzawo ali pa nsolo kuti asaiwale kulemba kuti amene anabweretsa belulo anali malemu atate awo. Tsiku lotsatira kunyumba kwa a Daka kunafika Mayi Lorna Chanda, mayi wamasiye wa Chibemba wa zaka zambiri koma wamphamvu zake, atanyamula mbale ya chikanda, chakudya cha kwawo chophika ndi nsinjiro. Atapereka moni anati amva kuti ba Daka akulemba, ndiye angobwera kudzawakumbutsa kuti belu lija anabweretsa ndi malemu amuna awo, ndipo Luangwa yense akudziwa. A Amos atamva za chikandacho anatumiza nkhuku. Mayi Lorna atamva za nkhukuyo anabweranso ndi chikanda china, chokulirapo. Mayi Rosemary, amene poyamba ankadana ndi kroniko, anayamba kunena kuti nkhani ya belu isathamangiridwe.

A Daka sanagone bwino masiku amenewo. Iwo anafika ku Luangwa belulo lili kale pamtengo, choncho sanaone ndi maso. Kale akanangopeka nkhani yokoma yokondweretsa mbali zonse, koma tsopano ankangoona bolopeni ya Belinda. Atafunsafunsa anamva kuti mwa anthu amene analipo tsikulo watsala mmodzi yekha, a Edson Ngoma, amene anali katekisiti woyamba, ndipo akusungidwa ndi mwana wawo ku Kansenshi, ku Ndola. Loweruka lina a Daka anasiya nsapato m'manja mwa mnzawo woyandikana naye mumsika, navala jekete, n'kukwera basi.

Ku Kansenshi anapeza nyumba ya mpanda, magalimoto awiri ali pabwalo. A Ngoma anali pakhonde pampando wofewa, miyendo atafunditsa bulangeti ngakhale kunali dzuwa. Maso anali atafooka, koma mutu unali wakuthwa, ndipo anasangalala kupeza munthu wolankhula naye Chinyanja, poti adzukulu awo ankangowayankha m'Chingerezi. Atamva funso la belu anaseka mpaka kutsokomola. Anati chitsulocho chinali cholemera moti munthu mmodzi sakanachitha. A Sakala, atate a Amos, ndi a Chanda, amuna a Mayi Lorna, anachikweza pa wilibala n'kumakankha mosinthana kuchokera kumene mgodi unkataya zitsulo zakutha, ndipo njira yonse ankakangana za amene akukankha kwambiri. Chinali chaka cha 1974, mvula itangoyamba.

A Daka anapuma mosangalala, poganiza kuti nkhani yatha bwino, onse awiri alowa. Koma mkuluyo anakweza dzanja kuti sanamalize. Anati anthu awiriwo anaiwala kupempha chitsulocho kwa eni ake. Patangopita masiku ochepa belu likulira, kunabwera apolisi a mgodi, amene analitsatira ndi khutu, n'kufunsa kuti wabweretsa chitsulo cha kampani pano ndani.

"A Sakala analoza a Chanda, a Chanda analoza a Sakala," anatero a Ngoma. "Aliyense analumbira kuti iye anangothandiza kukankha. Ine ndinali pomwepo, nyundo ili m'manja."

Apolisi aja, mmodzi mwa iwo ali Mkatolika, anayang'anizana, nanena kuti popeza mwini mlandu sakupezeka, chitsulocho chikhale pamene chili kufikira atapezeka. Sanabwerenso.

M'basi pobwerera a Daka ankangoseka okha, moti mayi amene anakhala nawo pampando anasamukira kumbuyo. Pa moyo wawo wonse wopeka nkhani anali asanapekepo yokoma chotere, ndipo iyi inali yoona. Koma pofika ku Kitwe kuseka kunali kutatha, chifukwa anakumbukira nkhuku ya a Amos, imene inali itadyedwa kale. Anaganiza zolemba mbali ya wilibala yokha n'kusiya ya apolisi. Anakambirana ndi akazi awo, ndipo Mayi Rosemary anati ngati a Amos ndi Mayi Lorna akufuna ulemu wa belu, alandire belu lonse ndi apolisi ake omwe. Anawonjeza kuti okankha wilibalawo anapita kale, ndipo kumene aliko nkhaniyi ayenera kuti amaiseka.

A Daka analemba mizere isanu yokha n'kupita nayo ku ofesi. Belinda anawerenga, natenga bolopeni yake, naizunguza pamwamba pa pepala kufuna poti adule. Anafunsa ngati pali mboni, ndipo anauzidwa dzina ndi kumene ikukhala. Anaibweza bolopeniyo m'kabati. Bambo Terence nawo atawerenga anatseka chitseko cha ofesi kuti anthu asawamve akuseka, kenaka anati zikhale momwemo.

Tsiku la chikondwerero tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Misa itatha a Daka anaitanidwa kutsogolo. Anthu amene ankawadziwa anakhazikika bwino pamabenchi, ena anatuma ana kukagula madzi, poyembekezera ulendo wautali. Koma bamboyo anangotchula chaka, n'kunena chimene chinachitika, n'kupita pa chaka china, mawu ali phee ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Anthu anayamba kuyang'anana. Atafika pa belu sanasinthe mawu ngakhale pang'ono.

"1974. Belu loyamba linabwera pa wilibala. Anakankha ndi a Sakala ndi a Chanda. Apolisi a mgodi atabwera kudzafunsa mwini wake wa ntchitoyi, a Sakala anati ndi a Chanda, a Chanda anati ndi a Sakala. Belu linakhala."

Woyamba kuseka anali Mayi Lorna. Anaseka mpaka chitambala chinapendekeka, uku akuuza oyandikana nawo m'Chibemba kuti ameneyo ndiye mwamuna wawo weniweni, ndipo ngakhale kunyumba kapu ikasweka ankaloza mphaka. Tchalitchi chonse chinatsatira. A Daka anadikira ngati sakudziwa chimene chikuseketsa anthu, ndipo phokoso litatsika anapitiriza ndi chaka cha njerwa. Anamaliza zaka makumi asanu zonse mpunga wa chikondwerero usanapse, zomwe zinadabwitsa amayi ophika kuposa china chilichonse tsiku limenelo.

A Amos okha ndiwo sanaseke. Anatuluka osatsanzika, ndipo kwa masabata angapo pansi pa mtengo wa mango sanaonekepo. Uthenga umene unkafika kwa a Daka unali wakuti munthu sadya nkhuku ya mnzake n'kukaitanira atate ake apolisi. Zinawakhudza a Daka, pakuti ubwenzi wawo unali wa zaka zambiri, ndipo nsolo ya munthu mmodzi kulibe. Tsiku lina anasankha nsapato yabwino kwambiri pa malonda awo, yachikopa chofiirira, n'kupita nayo kwa mnzawo. Sanaipatse mbiri ina iliyonse. Anangoti ndi saizi yawo. A Amos anaiyesa, nayenda nayo pabwalo uku ndi uku, n'kunena kuti ikuthina pang'ono, koma sanaivule. Kenaka anaulula kuti adzukulu awo, amene kale sankafuna kumva za agogo awo, tsopano amawavutitsa kuti awafotokozere za wilibala, ndipo mmodzi anakajambulitsa pafupi ndi chitsulo chija n'kutumiza chithunzicho kwa abale onse pa foni. Anati chimene akudandaula n'chakuti dzina la a Chanda linatchulidwa mofanana ndi la atate awo, pamene aliyense akudziwa amene anakankha pokwera chitunda. Loweruka lotsatira nsolo inayambiranso.

Khonsolo inagamula kuti a Daka apitirize kulemba chaka ndi chaka, ndipo dzina lakuti a Kroniko linawamatirira, moti ngakhale makondakitala a minibasi amawaitana choncho. Mabanja ena amawapempha kuti awalembere mbiri ya womwalira yowerenga pamaliro, chifukwa amadziwa kuti idzakhala yaifupi ndipo simudzakhala bodza. Kumsika kokha ndiko sanasinthe. Nsapato zawo zikuvalidwabe ndi madokotala a ku Ulaya.

Mlandu womaliza unachokera m'nyumba mwawo momwe. Mayi Rosemary atawerenga kope lotayipidwa lija kuyambira poyamba mpaka pamapeto, anapeza kuti dzina lawo mulibe. Anakumbutsa amuna awo kuti iwo achapa nsalu za paguwa kuyambira Lulu ali kumsana. A Daka anafotokoza mosamala, ataima chapatali, kuti kroniko imalemba zochitika, ndipo kuchapa ndi ntchito yabwino koma si chochitika. Chisankho cha bungwe la amayi a Anna Woyera chitafika, Mayi Rosemary anaimira nawo, nayenda khomo ndi khomo, n'kupambana mosavuta kukhala wapampando. Madzulo ake anabweretsa okha bolopeni ndi pepala, n'kuima pambali mpaka mzere wawo utalembedwa, dzina lonse ndi chaka chake.

Udindowo uli ndi misonkhano yambiri, maulendo okaona odwala, ndi maphunziro a ku dayosizi ku Ndola. Choncho masiku ano Lachitatu ndi Loweruka a Daka amadziphikira okha. Aphunzira kukazinga mazira, ndipo a Amos, amene amabwera kudzawathandiza kudya, amati akapitiriza chonchi chaka chamawa adzafika pa kabichi.